Phazi la Adona

Ndakumvani. Musaganize kuti makutu anatha pamodzi ndi mano. Pamene ndimamanga kansanza kuphazi kwa nkhuku ija kuseri kwa bafa, inu munali pazenera kunong'onezana kuti agogo ukalamba wawalowa m'mutu. Iwe Esinati ndiwe unayambitsa, usayang'ane kumbali. Kokani mphasayo mukhale apa, ana inu. Mtedza uwu tiziswa limodzi, ndikuuzeni kumene ndinaphunzira kumanga mapazi a nkhuku. Koma wopita m'kamwa usapose wopita m'lichero.

Inu nkhuku zimene mumazidziwa ndi zoyera zija amayi anu amakagula ku Limbe, zongokhala phwii ngati zaledzera, zosadziwa ngakhale kupalasa. Imene ndikunena ine inali yamawangamawanga, yakuda ndi yoyera, yaing'ono thupi koma yaliwiro. Anandipatsa ndi amayi anga tsiku limene ndinachoka kwathu, kuseri kwa phiri la Chiradzulu, kubwera ku ukwati.

Masiku amenewo mwamuna ndiye ankapita kwa mkazi kukamanga nyumba. Koma agogo anu aamuna, a Mbewe, anali ataphunzira ukalipentala ku mishoni, ndipo anapeza ntchito yokhoma mabokosi a fodya kwa Mzungu wina pafupi ndi siteshoni ya sitima. Sakanaisiya ntchitoyo n'kukakhala mkamwini kumudzi. Amayi anakana, anakana, kenaka analola. M'mawa wa ulendowo sanalankhule zambiri. Analowa m'khola, natuluka ndi msoti, naumanga miyendo ndi luzi, nauika pamwamba pa ufa m'dengu langa.

"Kumeneko ulibe mbale," anatero. "Tenga iyi, uzikhala nacho cha kwanu."

Limbe amene mukumudziwa inuyu, wa mabasi ndi magalimoto ndi anthu opondana zidendene, kunalibe. Kunali siteshoni, nyumba zingapo zamalata, timasitolo ta Amwenye tondondozana m'mbali mwa msewu wafumbi, basi. Kwina konseko tchire ndi minda. Kuno ku Chilobwe kunkalira afisi. Ku Blantyre ife tinkati ku Kabula, ndipo wopita kumeneko ankalawira, atatenga chinangwa chodya m'njira. Azungu ankadutsa atagona m'machila, amuna akuthamanga nawo uku akuimba. Tsiku loyamba kuona sitima ndinataya mtsuko wa madzi n'kukabisala m'chimanga cha eni. Inde, ine amene. Inu munabadwa mukuiona, simungamvetse.

Kanyumba kathu kanali kaudzu, kumunsi kwa njanji. Oyandikana nawo anali banja la Asilamu. Mwamuna, Che Juma, anali wachikulire, telala wosoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Mkazi wawo tinkangoti Abiti. Anali wamfupi, wonenepa, wa chipini pamphuno, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Poyamba ndinkawaopa. Kumudzi anatiuza kuti ife a tchalitchi tisamazolowerane nawo anthu amenewa. Koma moto ukazima ndinkakapala kwa iwo, ndipo mtondo tinkasinjira umodzi.

Tisanakhalitse, inabuka nkhondo ya Azungu, yoyamba ija. Kunabwera akapitawo kudzalemba amuna oti azikanyamula katundu wa asilikali pamutu, amtengatenga. Sankafunsa kuti ukufuna kapena ayi. A Mbewe anapita ine ndili ndi pakati.

"Nachisale," anatero pochoka, poti ndilo dzina limene ankandiitanira, "usabwerere kumudzi. Ukhale pompano, ndidzakupeze."

Mwana anabadwa iwo kulibe. Anali wamwamuna. Sanatuluke m'chikuta. Anakamuika azimayi okhaokha, monga tinkachitira ndi makanda otero, ndipo anandiuza kuti ndisalire mokweza. Sindinalire. Ndinapinda mbereko yake, nsalu ya biriwita imene a Mbewe anagula asanapite, n'kuiika pansi pa dengu. Bambo anu sakuzidziwa bwino zimenezi. Anali ndi mkulu wawo.

Kuyambira pamenepo pakhomo panali ine ndi nkhuku. Ndikamasinja imabwera kudzatola misere, ndikakhala pakhonde imadzadzikhuthula fumbi pambali panga. Ndinkalankhula nayo, sindibisa. Munthu ukakhala wekha pakamwa pamanunkha.

Tsiku lina nyengo ya masika ndinaona ikubwera kuchokera ku njanji ikutsimphina. Inkakonda kumeneko chifukwa matumba ankadontha chimanga potsitsa m'sitima. Koma miyala ya m'njanji ndi yakuthwa, ndipo pankakhala makala ndi tizitsulo. Ndinati yangopunthwa, mawa ichira. Mawa linafika ili chiimire ndi mwendo umodzi, winawo itaupinda m'nthenga. Nditaigwira n'kuitembenuza, ndinapeza pansi pa phazi patatupa ngati nzama, potentha, pakati pali kankhanambo kakuda.

Ndinathamangira nayo kwa Abiti. Anaiyang'ana, nadina chotupacho ndi chala, nkhuku n'kukuwa.

"Achemwali, iyi ndi ndiwo," anatero. "Bwerani nayo madzulo Che Juma akaweruka, aizinge bwino kuti nafenso tidyeko. Ikafa yokha ndiye mwataya."

"Ayi."

"Ayi chiyani? Nkhuku yodwala phazi imaonda mpaka kutsala nthenga."

"Ndi ya amayi anga."

Abiti anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapukusa mutu. "Ndiye kafunditseni madzi, muthiremo mchere. Ine ndinaona amalume akutero ndi bulu. Kaya nkhuku, kaya."

Mchere, ana inu, sunali wongotapa ndi supuni ngati lero. Unali wamiyala, wochokera kumunsi ku Chigwa, ndipo pang'ono pokha tinkasunga m'chiguduli chopachika kudenga. Ukatha tinkadya chidulo. Mchere umenewo ndi umene ndinkasungunula m'phale la madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo, n'kuviikamo phazi la nkhuku, ine nditaifungatira m'khwapa. Masiku oyamba inkapalapata n'kundithira madzi kumaso. Kenaka inazolowera, mpaka inkatsinzina.

Nkhanambo ija itafewa ndinaichotsa ndi chikhadabo. Panatuluka timafinya pang'ono. Ndinadzozapo mafuta a nsatsi. Inu simuwadziwa, mumadzola za m'mabotolo zonunkhira maluwa. Ife tinkakazinga nsatsi, n'kusinja, n'kuwiritsa, mafuta n'kuyandama pamwamba. Chomangira ndiye chinasowa. Nsalu ndinali nazo ziwiri zokha, yovala ndi ya ku tchalitchi. Ndinakhala kanthawi nditagwira dengu lija. Kenaka ndinatulutsa mbereko n'kung'amba kachidutswa m'mphepete.

Kumanga phazi la nkhuku si masewera. Nsanza imayenera kudutsa pakati pa zala, osathina kwambiri, mfundo n'kukhala kumbuyo kwa mwendo. Ukaika kutsogolo imajompha mpaka kumasula. Ine ndinaphunzira zimenezi itandimasulira kambirimbiri.

Abiti ataiona ikuyenda pabwalo ndi phazi lokutidwa anaomba m'manja. "Taonani! Kusamba madzi ofunda kawiri pa tsiku, kudzola mafuta, kuvala sokosi. Awa si nkhuku, awa ndi Adona! Chatsala n'chakuti tiwapezere machila."

Dona tinkanena mkazi wa Mzungu. Dzinalo linakanirira. M'mawa uliwonse Abiti ankasuzumira pa mpanda n'kufunsa, "Adona adzuka bwanji?"

Patapita masabata angapo chotupa chinaphwa. Ndinavula nsanza, ndinayamika Mulungu. Koma itafika nyengo ya chiperoni, kamvula kosaleka kaja ndi chifunga chotsika ku Soche, phazi linatupanso, kuposa poyamba. Ndinayambiranso. Linaphwa. Mvula yeniyeni itagwa, matope ali ponseponse, linatupanso kachitatu, ndipo tsopano kutupako kunatulukira pamwamba, pakati pa zala. Nkhuku inasiya kuikira. Lipombo linafota. Ukainyamula inkapepuka ngati chitete chopanda kanthu. Ndinachotsa mtengo umene inkagonapo m'khola kuti isamadumphe, n'kuyala udzu wouma pansi. Ndinkakafukula chiswe pa chulu kudzaipatsa pamanja.

Nthawi imeneyo ndi pamene anabwera apongozi anga, amayi a a Mbewe, kuchokera ku Bangwe kumene ankakhala. Anali munthu wabwino, koma mtima unali utawawa. Miyezi yonseyo sanamve kanthu za mwana wawo. Anandipeza pakhonde phazi la nkhuku lili m'phale.

"Ndiye zoona zimene ndikumva," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Anthu akutha kunkhondo uko, iwe ukusambitsa nkhuku. Mchere umenewu ungandipatse ine, sungathe? Anthu akutiseka, akuti mpongozi wa ku Chiradzulu wazungulira mutu."

Mpongozi sankayankhidwa. Ndinatulutsa phazi m'madzi, ndinalipukuta, n'kutenga mbereko kuti nding'ambe kachidutswa kena. Inali itatsala theka.

Apongozi anaiyang'ana nsaluyo. Anaidziwa, poti ndi iwo anaichapa tsiku limene mwana anatisiya. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Bwera nayo kuno," anatero. "Ndikugwirire miyendo. Ukumanga mokhota."

Sanadzanenenso za mchere.

Amene anapeza chenicheni ndi Abiti. Tsiku lina anabwera ndi lumo la Che Juma lometera, ataliviika m'madzi owira.

"Achemwali, inu mukungosadza masamba, chitsa chili pansi. Chinthu chobwerera katatu chili ndi muzu. Lero tikumba."

"Ifa."

"Ikafa tidya. Ikapanda kufa ichira. Mmene ililimu ikuvutika chabe. Iphimbeni kumutu, nkhuku ikaona mdima imagona."

Ndinaiphimba ndi nsalu, ndipo inakhaladi duu. Abiti anacheka mozungulira nkhanambo, pang'onopang'ono, lilime ali nalo panja. Magazi anatuluka. Ine ndinayang'ana kumbali.

"Musathawitse maso! Mawa ine ndikafa adzakuchekerani ndani?"

Ndinayang'ana. Anafinya mbali zonse ziwiri, ndipo munatuluka chinthu cholimba, chachikasu, ngati njere ya chimanga. Anafinyanso, kunatuluka kena kakang'ono. Panatsala dzenje loyera.

"Ameneyu ndiye mwini nyumba," anatero, akundionetsa pansonga ya lumo. "Mukamusiya mkati, mungathire mchere wonse wa ku Chigwa, sachoka. Ndipo dzenjeli musalole litseke pamwamba msanga. Lizidzaza kuchokera pansi."

Ndinatsuka dzenjelo tsiku ndi tsiku, kusintha nsanza, kuchapa zakale n'kuziyanika padzuwa. Pofika chilimwe panali patapola, patangotsala chipsera cholimba. Kutsimphina sikunathe, chala chimodzi chinapindika mpaka kale, koma lipombo linafiiranso. Tsiku limene ndinapeza dzira m'udzu muja ndinapita nalo kwa Abiti ndili nalo m'manja awiri, ngati ndanyamula chinthu cha mfumu.

Tsopano tamverani, poti apa ndi pamene pali nkhani. Iwe Yohane, leka kuponyera mlongo wako makoko.

Nkhondo itatha, amtengatenga anayamba kubwerera, amene anabwerera. Ena tinkangomva kuti anatsala m'njira. Tsiku lina masana ndikupeta pabwalo, ndinaona amuna awiri akubwera atagwirizira munthu pakati. Ndinaganiza kuti ndi nkhalamba yodwala akupita nayo kwina. Anaima pa mpanda wathu.

"Nachisale," inatero nkhalambayo.

Lichero linagwa. Anali a Mbewe. Munthu uja anachoka ali ndi mapewa otha kunyamula chitseko yekha, anabwera nthiti zikuwerengeka. Phazi lamanzere linali lokulungidwa m'chiguduli, ndipo fungo lake linafika iwo asanalowe. Anaponda chitsa chakuthwa kutali uko, n'kupitiriza kuyenda ndi katundu pamutu, popeza woima ankakwapulidwa. Nsapato kunalibe. Inu mumalira nsapato ikangothina pang'ono.

Ndinatuma uthenga ku Bangwe, apongozi anafika akuthamanga. Titamasula chiguduli, iwo analira. Zala ziwiri zinali zitadyeka ndi matekenya, ndipo pansi pa phazi panali chotupa chachikulu, chakuda pakati, chikuchucha.

"Tipite nawo kuchipatala ku mishoni," ndinatero.

"Ayi," anatero a Mbewe. "Ndinaona kumene tinali. Phazi lotere amadula. Kalipentala wa mwendo umodzi ndidzakhala wa yani? Ndifere pano."

Tinawanyengerera, anakana. Ndinatuluka panja osadziwa chochita. Abiti anali ataima pa mpanda, lumo lili kale m'manja.

"Kafunditseni madzi," anatero.

"Abiti, uyu ndi munthu."

"Ndaona. Koma mwini nyumba ndi yemwe uja. Ine mwamuna wa eni sindingamugwire mwendo. Mucheka ndinu."

Ndinafunditsa madzi, ndinasungunula mchere. Tinaviika phazilo mpaka linafewa. Apongozi anaika mutu wa mwana wawo pamiyendo, nawapatsa kamtengo koti alume. Abiti anaima kumbuyo kwanga.

"Kodi awanso tiwaphimbe kumutu?" ananong'ona.

Ndinawatsina Abiti. Ndinacheka monga ndinaonera. A Mbewe anabuula, kamtengo kanathyoka. Ndinafinya. Zimene zinatuluka sindinena, mukudya. Koma pansi penipeni lumo linagunda chinthu cholimba, ndipo nditachikoka chinali kachitsotso ka mtengo, kotalika ngati theka la chala changa. Anayenda nako ulendo wonse uja.

Ndinatsuka, ndinadzoza, ndinamanga ndi chimene chinatsala cha mbereko. Iwo anali atauzidwa kale ndi amayi awo za mwana. Anaiona nsaluyo, natseka maso.

M'mawa mwake apongozi anandiitanira kuseri. Analankhula mofatsa.

"Mwana wanga, ndikudziwa. Koma waona mmene alili. Afunika msuzi. Ndipo munthu wobwera kutali chotere sitimulandira ndi masamba."

Ananena zoona. Nkhuku pakhomo inali imodzi yokha. Sindinatsutse. Ndinatenga mpeni ndinaunola pamwala, n'kuwaza gaga pang'ono. Adona anabwera okha, akutsimphina, osakayika kanthu. Anali atazolowera manja anga. Ndinawanyamula.

A Mbewe anali atagona pamphasa pakhonde, akuwotha dzuwa. "Nkhukuyo ikuyenda bwanji choncho?" anafunsa.

Abiti ndi amene anafotokoza zonse ali pa mpanda, za njanji, za mchere, za kutupa katatu, za njere yachikasu ija. Anawonjezera ndi zina zoti sizinachitike, poti ndi mmene analili.

A Mbewe anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anadzuka pang'ono, natsamira chigongono.

"Ika mpeniwo pansi, Nachisale."

"Mwana wanga," anayamba apongozi.

"Amayi, kumene ndachokera, munthu akayamba kutsimphina ankamulanda katundu n'kupatsa wina, iye n'kumusiya pansi pa mtengo. Tinkamva akuitana ife tikupita. Ena ndinkawadziwa mayina." Anapuma kaye. "Pakhomo panga ayi. Ndidya mazira."

Ndinaiika pansi nkhukuyo. Inadzikung'untha n'kubwerera ku gaga wake ngati palibe chachitika. Madzulo a tsiku lomwelo Abiti anabwera ndi mbale yovundikira. Che Juma anali atazinga tambala wawo.

"Musayamike," anatero. "Ankatidzutsa msanga."

Phazi la a Mbewe linatenga nthawi yaitali kuposa la nkhuku. Linandiopsa kawiri, thupi litatentha, koma silinatupenso ngati kale. Zala ziwiri zija zinapita. Ankakhala pakhonde akusema tizipande ndi mipini kuti manja asaiwale, Adona ali pambali pawo, awiriwo atatambasula mwendo wodwala. Koma sankaseka, ndipo za mwana sanandifunse ngakhale kamodzi. Inenso sindinayambe. Tinkakhala ngati anthu awiri onyamula mtsuko umodzi wodzaza, aliyense akuopa kupunthwa.

Atayamba kuyenda ndi ndodo, Mzungu wa fodya uja anati awalandiranso pokhapokha a chipatala ataona phazilo. Tsopano analola, poti panalibe chodula. Tinalawira kupita ku Kabula wapansi, pang'onopang'ono, kudutsa kumene kuli nyumba za Chitawira lero, nthawi imeneyo kuli thengo ndi mitengo ya masuku. Kuchipatala tinapeza bambo wina wotsuka zilonda, wovala zoyera, wodzimva ndithu. Analitembenuza phazilo uku ndi uku, nadina chipsera.

"Anakuchekani ndani apa?"

"Akazi angawa."

Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu? Munaphunzira kuti?"

Ine ndinazyolika. A Mbewe anayankha nkhope ili gwa. "Kwa Adona ena ake a ku Limbe. Anakhala nawo chaka chathunthu."

"Ndimaona!" anatero bamboyo. "Ntchito ya Azungu imadziwika."

Tinatuluka osayang'anana. Tinayenda, tinayenda, mpaka pa mtsinje wa Naperi. Pamenepo a Mbewe anakhala pamwala, ndodo inagwa, anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, inenso chimodzimodzi, amayi ochapa pamenepo akutidabwa. Kuseka kutatha misozi sinaleke. Anaviika mapazi m'madzi, nayang'ana pansi.

"Nachisale," anatero, "mwana uja anafanana ndi yani?"

Palibe anandifunsapo zimenezo. Ndinakhala pambali pawo.

"Nkhope inali isanadziwike," ndinatero. "Koma mapazi anali anu. Zala zazitalizitali. Ndinaziwerenga, zinali zonse."

Anagwedeza mutu. Ndinawauza zina zonse, mmene ankayamwira, mmene ankakwinyira chipumi, tsiku limene analeka kulira. Anamvetsera osandidula. Dzuwa litayamba kupendeka ndinawapukuta phazi ndi nsonga ya nsalu yanga, ndinawapatsa ndodo, tinakwera chitunda kubwerera kwathu.